Kuyesa pulogalamu ndi kuitsimikizira ndi masamu: mmene ndimachitira ine

Chaka china ndinalembera gulu la banki m'khonde kuno ku Bembeke kapulogalamu kogawa ndalama pakutha pa chaka. Ndinakayesa kangapo, kakuyenda bwinobwino. Tsiku logawana, m'bokosi munatsala K350 yopanda mwini, amayi onse maso ali pa ine. Ndalama zikakana kugawika ndendende, kapulogalamuko kankangotaya zotsalira. Katswiri wa sayansi ya makompyuta Edsger Dijkstra ananena kalekale kuti kuyesa kumaonetsa kuti cholakwika chilipo, koma sikungaonetse kuti palibe. Ndinazimvetsa tsiku limenelo.

Yambani ndi kulemba lamulo m'mawu wamba, musanakhudze kompyuta. Langa ndi ili: zomwe onse alandira, kuphatikiza zotsala, zifanane ndi zomwe zinali m'bokosi, ndipo pasapezeke wolandira zochepera ziro. Lamulo lomweli ndi limene muziligwiritsa ntchito poyesa ndi potsimikizira pomwe.

Kenako yesani kaye. Mu Python, chinenero cholembera mapulogalamu, ndimagwiritsa ntchito chida choyesera chotchedwa Hypothesis, chomwe chinatengera nzeru ya chida china chotchedwa QuickCheck cha m'chaka cha 2000. Hypothesis imaponyera pulogalamu manambala ambirimbiri, ndipo lamulo likasweka imachepetsa chitsanzocho mpaka chitatsala kakang'ono, mwina mamembala atatu ndi K100. Musadumphe apa. Kulimbana ndi kutsimikizira chinthu chabodza kungakudyereni sabata yathunthu pachabe.

Zikadutsa, tengani mtima wa pulogalamu wokha, kagawo kowerengera kaja, mukalembe mu Dafny, chinenero chomwe chinapangidwa ku Microsoft Research chotsimikizira ndi masamu kuti pulogalamu ikutsatira lamulo lomwe mwaipatsa. Pa mzere wotchedwa requires muike zoyenera kukhala zoona polowa, monga kuti masheya onse pamodzi aposa ziro. Pa mzere wa ensures, wa zoyenera kukhala zoona potuluka, muike lamulo lija. Povuta ndi pa loop, pomwe pulogalamu imabwereza ntchito yomweyo: pamafunika invariant, mfundo yosasintha pa ulendo uliwonse. Yanga imati zoperekedwa kale ndi zosaperekedwa, kuziphatikiza, ndi ndalama za m'bokosi. Dafny ikavomera, yavomera pa nambala iliyonse yokwaniritsa requires, osati pa zomwe munayesa zokha.

Zina zonse, zowerenga mafayilo ndi zolandira zomwe munthu walemba, pitirizani kuziyesa basi. Mu 2011 ofufuza a ku University of Utah anagwiritsa ntchito chida chawo choyesera cha Csmith kuyesa CompCert, compiler (pulogalamu yomasulira zomwe munthu walemba kuti kompyuta izimve) yomwe mbali yake yaikulu inatsimikiziridwa ndi masamu, ndipo zolakwika zomwe anapeza zinali m'mbali zosatsimikiziridwa. Inenso chaka chotsatira kugawa kunali ndendende, koma mlembi wa gulu atalemba 5,000 ndi kachizindikiro kapakatiko, pulogalamu inawerenga K5.