Malangizo kwa Alimi: Kutentha kwa Okutobala, Mvula Yoyamba ndi Nthawi Yobzala

Malangizo awa ndi a alimi a cimanga, nshawa ndi soya amene amadalira mvula, makamaka a ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, Chongwe ndi madera ena amene amalandira mvula ya mamilimita 800 mpaka 1,000 pacaka. Alimi a m'cigwa ca Luangwa, kumene mvula sifika mamilimita 800, awerenge ndi ndime yawo imene ili kumunsi.

Musabzale ndi cizimalupsa

Kumapeto kwa Okutobala, nthawi zambiri ca m'masiku a cikondwerero ca ufulu pa 24, kumagwa mvula yamabingu imene makolo anaicha cizimalupsa. Nchito yake ndi imene dzina likunena: kuzima lupsa ndi kupha fumbi. Si mvula yobzalira. Nthaka imakhala itapsa ndi dzuwa kwa miyezi, ndipo madziwo amangonyowetsa pamwamba, pansi pali gwa. Mbewu ikalowa m'dothi lotere imafufuma, n'kutulutsa kamuzu, kenaka dzuwa likabwerera kwa sabata imodzi kapena ziwiri imaphikika momwemo. Imene yapulumuka imamera patalipatali, ina imadyedwa ndi ciswe ndi mbewa. Mbewu youma imatha kudikira mvula m'dothi louma, koma imene yayamba kumera sibwereranso m'mbuyo.

Tikudziwa kuti mtima sukhazikika mnansi akatuluka ndi khasu m'mawa mwake. Musiyeni apite. Inu yesani mvulayo coyamba.

Tengani citini ca m'mbali moongoka, mucotse civundikiro conse, muciike pabwalo poyera, kutali ndi mtengo ndi denga. Mvula ikakata, ponyanimo rula ya mwana wa sukulu. Madzi akafika masentimita awiri ndi theka kapena atatu, ndiye kuti kwagwa mamilimita 25 mpaka 30, ndipo imeneyo ndi mvula yobzalira, kaya yagwa tsiku limodzi kaya masiku awiri otsatizana. Ngati mulibe citini, kumbani m'munda ndi khasu. Cinyezi cifike kuya kwa cikhatho conse, ndipo dothi la pansi mukalifumbata ligwirane, lisamwazike mukatambasula dzanja. M'madera a kumtunda mvula yotere imabwera kawirikawiri kuyambira pakati pa Novembala, ndipo cimanga ciyenera kukhala cili m'nthaka pofika pa 15 Disembala. Mverani pa wailesi zimene a Zambia Meteorological Department akulengeza za nyengo, ndipo funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Koma mvula yeniyeniyo ikagwa, musazengereze ngakhale tsiku limodzi. Mvula zoyamba zimadzutsa cakudya ca m'nthaka, ndipo mbewu ikacedwa cakudyaco cimatsikira pansi ndi madzi, cina n'kudyedwa ndi udzu. Ndiye cifukwa cake munda uyenera kukhala wokonzeka Okutobala asanathe. Amene mumalima m'maenje, dzenje likhale lotalika masentimita 30, lotambalala 15, lakuya 20. Pakati pa maenje masentimita 70, pakati pa mizere 90. Amene muli ndi ng'ombe, ng'ambani mizere ndi ripa nthaka ikali youma. Mapesi musawatenthe. Asiyeni agone pamunda, cifukwa pansi pa mapesi dothi silitentha ngati pamtetete, ndipo cinyezi cimakhalitsa mvula ikadula.

Mbewu ndi feteleza m'nyengo yotentha

Lima imodzi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, imafuna makilogalamu 5 a mbewu ya cimanga, thumba limodzi la makilogalamu 50 la feteleza wa D Compound, ndi thumba limodzi la yureya. Thumba la mbewu lisungidwe pamthunzi pouma, pamwamba pa thabwa. Musalisiye pafupi ndi malata kapena padzuwa m'ngolo, kutentha kumapha mphamvu ya kamera. Mbewu yopakidwa mtundu ili ndi mankhwala: isadyedwe, isapatsidwe nkhuku, ndipo sambani m'manja mukamaliza kubzala.

Thirani D Compound pansi pa dzenje, mukwirire ndi dothi pang'ono, mbewu ibwere pamwamba, ilowe masentimita 5. Feteleza akakhudzana ndi mbewu cinyezi cili cocepa, amaitentha. Yureya amathiridwa cimanga cikafika m'mawondo, dothi lili lonyowa, ndipo akwiriridwe. Mukamuwaza pamwamba pa dothi louma dzuwa likuswa mtengo, mphamvu yake imathawira mumpweya, ndalama zanu n'kupita nayo.

Onani nambala ya pathumba la mbewu. Pa mitundu yambiri ya cimanga, za m'ma 400 zimaca msanga, za m'ma 500 ndi 600 zili pakati, za m'ma 700 zimacedwa kuca ndipo zimafuna mvula yaitali. Mvula ikacedwa mpaka Disembala, za m'ma 700 zisiyeni, mutenge za pakati kapena zofulumira. Ndipo musaike munda wonse pa mtundu umodzi. Nyengo ya 2023/2024 tonse tikuikumbukira: mvula inadula cimanga cili pafupi kumasula, mpaka pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi ngozi ya dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga atawonongeka. Mitundu iwiri yosiyana nthawi yakuca simasula sabata imodzi, ndiye ng'amba ikamenya umodzi, wina umatha kupulumuka.

Nshawa bzalani ndi mvula yobzalira yomweyo. Soya ndiye wosapirira: musamuike m'dothi lotentha ndi louma, ndipo asalowe kupyola masentimita atatu. Inokulanti amene mumasakaniza ndi mbewu ya soya ndi tizilombo tamoyo, dzuwa limatipha. Sakanizirani pamthunzi, mubzale tsiku lomwelo.

Kwa alimi a m'cigwa

Ku Mambwe, Luangwa ndi kumunsi kwa Nyimba kutentha kwa Okutobala kumafika madigiri 40, ndipo mvula imayamba mocedwa n'kutha msanga. Kumeneko tengani cimanga cofulumira cokha, ndipo gawo lina la munda lipite ku mapira ndi khobwe.

Mbewu ikamera

Pakatha sabata ndi masiku ocepa, yendani mzere ndi mzere, mupakize pamene sipanamere. Mukacedwa kupakiza, zazing'onozo zimaphimbidwa ndi zinzake ndipo sizibereka.

Kukatentha mvula n'kudula, mbozi za nchemberezandonda, zimene zinafika m'Zambia kumapeto kwa 2016, zimaswana msanga. Pitani kumunda kawiri pasabata kuyambira cimanga cili ndi masamba atatu. Yang'anani masamba okhala ndi timawanga toonekera ngati pepala, ndi zitosi zonga utuci m'kati mwa nsonga. Mazira ake amakhala m'magulu pamasamba. Afinyeni ndi cala. Ngati mukupopera mankhwala, poperani m'mamawa kapena madzulo pamene mbozi zatuluka kudzadya, mulunjikitse m'nsonga mwenimweni, mutavala zophimba pakamwa, mphuno ndi manja, ndipo tsatirani muyeso umene walembedwa pabotolo.