Misampha ikutha mbande za masuku m'nkhalango zathu

Masabata apitawa ndayenda m'nkhalango zingapo za m'midzi kuno ku Nkhotakota, ndipo zomwe ndaonazo zandiwawa. Nkhalango imodzi yokha tinazula makhwekhwe a waya mpaka manja kutopa, pansi pali lupsa lokhalokha chifukwa anyamata anatentha posaka ndi agalu mu Okutobala. Mitengo ikuluikulu ilipo, misuku, miula, mateme, mikuyu, ukaona patali umati nkhalango ili bwino. Koma tawerama uyang'ane pansi, mbande palibe. Pali mitengo yokalamba basi, ana ake kulibe.

Anthu ambiri akuganiza kuti bola sanadule mtengo ndiye kuti nkhalango aisamala. Ayi ndithu. Mombo ndi tsamba zimadzifesa zokha, makoko ake amathetheka dzuwa likatentha n'kumwaza njere, koma mitengo ya zipatso imadalira nyama. Pusi, nyani, gwape, nguluwe, mileme, mbalame, izi ndi zomwe zimadya chipatso kuno n'kukasiya njere uko, mu ndowe, manyowa ali pomwepo. Njere ikangogwera patsinde pa make imapeza mthunzi, tizilombo toboola tili mbwee pamenepo, mbewa nazo zikudikira, nkhungu imaoletsa zotsalazo, ndiye mwa zambirimbiri zija imene ingakule mwina palibe. Mukapha pusi mmodzi mwapha wodzala mitengo amene safuna machubu kapena alawansi.

Izi sizakuno kokha. M'nkhalango zowirira za ku Congo muli mitengo ya njere zikuluzikulu imene ndi njovu yokha ingameze n'kukazitaya kutali, ndipo njovu za m'nkhalango za pakati pa Africa zinachepa ndi 62 peresenti pakati pa 2002 ndi 2011 chifukwa cha opha mozembera. Kumene njovu zinatha, mitengo imeneyi ikubereka chaka ndi chaka koma zipatso zikungowolera pansi. Ife tomwe pano, gemu yathuyi, nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, inali ndi njovu zoposa 1,500 kalelo, pofika 2015 pomwe bungwe losamala nyama la African Parks limayamba kuyang'anira zinali zosakwana 100, mpaka anachita kunyamula njovu pafupifupi 500 pa magalimoto kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Gemu inapeza woithandiza. Nanga nkhalango ya m'mudzi mwanu, ndani adzakubweretsereni agwape pa lole?

Chomwe chimanditopetsa ndi yankho lija loti makolo athu ankasaka uzimba. Inde ankasaka, koma anali anthu angati, ndipo tchire linali lalikulu bwanji? Komanso sankatchera waya wa mabuleki a njinga amene amagwira chilichonse, chaikazi, chabere, chaching'ono, n'kuwolera pomwepo mwini wake ataiwala komwe anatchera. Januwale akafika anthu omwewa ndi amene amabwera kudzapempha mbande, tidzale limodzi, tijambulitse zithunzi, Okutobala moto.

Bambo wina wachikulire anandiimitsa pa msonkhano, akuti alangizi, inu mukukamba za mitengo, ine apusi anandithera chimanga chaka chatha, ana anga adya masuku chaka chonse? Ndinalibe mawu ofulumira chifukwa akunena zoona, njala ya apusi ndi anyani ndi yeniyeni. Koma tikubwerera anandionetsa yekha mateme atatu omwe anamera pa chulu kumapeto kwa munda wawo, pomwe anyani amakonda kukhala, n'kunena kuti sanadzale ndi iwo. Akazi awo ndi amene amagulitsa masuku pamsewu wa M5 nyengo ino, ndalama ya sopo ndi mchere imachoka pamenepo. Tinangoyang'anana.

Ndiye chitani izi. Komiti ya nkhalango ndi a mfumu ayende kuzula misampha kamodzi pa mwezi, lambulani njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, potola masuku siyani ena mumtengo, mikuyu musaigwetse chifukwa imadyetsa mbalame ndi mileme nthawi imene zipatso zina kulibe. Kumunda londerani mosinthana chimanga chikayamba kukhwima. Pomwe nyama zinatha kale, tolani njere za masuku muzifese msanga zisanaume, sizichedwa kufa. Za nyama zochokera mu gemu auzeni a zanyama, lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwima mu 2017 ndipo ena akuseweza zaka kundende.