Momwe mungaikire difu ya matayala awiriawiri pa pikapu yakale

Pikapu zakale monga Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Mazda B-Series zikugwirabe ntchito yakalavulagaga m'misewu yathu. Nyengo yokolola zimasenza matumba a chimanga ndi soya, nyengo yomanga zimatuta njerwa ndi mchenga, ndipo zomwe zimayamba kufooka ndi za kumbuyo: matayala kuphulika, mabering'i kulira, shafiti kuthyoka. N'chifukwa chake eni ake ena amaganiza zochotsa difu yonse, kutanthauza ekiselo yakumbuyo pamodzi ndi magiya ake, n'kuikapo ya matayala awiriawiri mbali iliyonse, yochokera ku kalole kakang'ono. Ntchitoyi imatheka ndithu, koma imayendera bwino munthu amene wayeza asanagule.

Yambani ndi mtundu wa ekiselo

Phindu lenileni la kusinthaku silili pa kuchuluka kwa matayala, lili pa momwe ekiselo imasenzera katundu. Pikapu zing'onozing'ono zambiri zili ndi ekiselo ya semi-floating. Pa imeneyi, shafiti yomwe imazungulitsa tayala ndi yomweyonso imasenza kulemera kwa galimoto, ndipo ikathyoka tayala likhoza kusololoka pamodzi ndi dilamu ya buleki galimoto ili pa liwiro. Pa ekiselo ya full-floating, habu, chitsulo chomwe tayala limamangidwapo, imakhala pa mabering'i awiri kunja kwa paipi ya ekiseloyo. Kulemera konse kumatsikira pa paipi, shafiti n'kutsala ndi ntchito imodzi yozungulitsa basi. Ngakhale itathyoka, galimoto imangoleka kukoka, matayala ali m'malo mwake.

Kuizindikira sikovuta. Pakati pa rimu pamatuluka chitsulo chonga chitini, ndipo kumapeto kwake kuli mabawuti ang'onoang'ono ozungulira. Mukamasula mabawutiwo, shafiti imasololoka galimoto ili chiimire pa matayala ake. Si difu iliyonse ya matayala awiriawiri yomwe ili yotere, choncho onani ndi maso anu, musangomvera wogulitsa.

Pali njira yachidule yomwe ndikupemphani kuti muikane: kuwonjezera tayala lachiwiri pa difu yomwe muli nayo kale, pogwiritsa ntchito chitsulo cholumikizira ndi mabawuti aatali. Ku America m'zaka za m'ma 1980, makampani ena ankamanga tinyumba toyendera maulendo pamwamba pa pikapu za Toyota, ndipo ankachita zomwezi pa ekiselo ya semi-floating ya mabawuti 5 omangira tayala. Tayala lakunjalo linkakankhira kulemera kutali ndi bering'i, shafiti zinkathyoka, matayala n'kuchoka galimoto ikuyenda. Mapeto ake galimotozo zinaitanidwa kuti zikaikidwe ekiselo ya full-floating ya mabawuti 6. Msewu wa Chikwawa pa Thabwa kapena wotsetsereka ku Chiweta si malo oti munthu akaphunzirireko zimenezi.

Kuyeza musanatulutse ndalama

Madifu oterewa amapezeka kwa ophwasula magalimoto, monga ku Biwi mu Lilongwe ndi ku Ndirande mu Blantyre. Ambiri amachokera ku Toyota Dyna ndi ToyoAce, Nissan Atlas, Isuzu Elf, Mitsubishi Canter, Mazda Bongo, Kia K2700 ndi Hyundai H100. A malole a matani atatu kupita m'tsogolo asiyeni, ndi olemera komanso otambalala kwambiri kwa pikapu.

Musananyamuke, lowani pansi pa galimoto yanu ndi tepi ndipo mulembe miyeso iyi pa pepala: kutalikirana kwa masipuling'i awiri, kuchokera pakati pa lina kufika pakati pa linzake, m'lifupi mwa chesesi pamwamba pa ekiselo, m'lifupi mwa tsamba la sipuling'i, ndi kutalika kwa tayala lanu lakumbuyo kuchokera pansi kufika pamwamba. Mukafika kwa wogulitsa, pemphani kuti amange marimu onse anayi ndi matayala ake, ndipo muyeze mpata wa pakati pa matayala awiri amkati. Muyeso umenewu ndi womwe umagamula nkhani yonse. Masipuling'i anu ayenera kulowa mumpatamo n'kusiya malo okwana zala ziwiri kapena kuposerapo mbali iliyonse, poti galimoto ikakhota yodzaza tayala limafutukuka, bodi n'kupendekeka. Mpata ukachepa, difuyo si yanu, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Kusuntha masipuling'i kuwalowetsa mkati mwa chesesi kumachititsa galimoto kupendekeka kwambiri pokhota.

Gulani difu pamodzi ndi marimu ake, manati ake onse, zingwe za handibuleki ndi chidutswa chakumapeto cha propshaft, shafiti yaitali yochokera ku giyabokosi kupita ku difu. Zinthu zimenezi kuzifuna pambuyo pake, chimodzichimodzi, kukhoza kudula kwambiri.

Magiya a mu difu ndi kukula kwa matayala

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Difu iliyonse ili ndi chiwerengero chosonyeza kuti propshaft imazungulira kangati kuti matayala azungulire kamodzi. Chimapezeka pogawa mano a giya yaikulu ndi mano a giya yaing'ono yotchedwa pinion: mano 41 ndi 10 amapereka 4.10, mano 41 ndi 9 amapereka 4.56, mano 39 ndi 8 amapereka 4.875. Kuti mudziwe popanda kutsegula, mnzanu agwire habu imodzi isayende, inu mulembe chizindikiro ndi choko pa flange (chitsulo chakumphuno kwa difu chomwe propshaft imamangidwapo), kenako muzungulitse habu inayo kawiri ndendende uku mukuwerenga kuzungulira kwa flange. Nambala yomwe mwapezayo ndi chiwerengero cha difuyo. Chitani chimodzimodzi pa difu yanu yakale.

Chiwerengerochi musachione pachokha, chioneni pamodzi ndi tayala. Timalole tambiri tili ndi matayala akumbuyo a rimu ya mainchesi 12 kapena 13. Tayala la 195R14, lomwe pikapu zambiri zimavala, ndi lalitali pafupifupi masentimita 67, pomwe la 155R12 ndi pafupifupi masentimita 55. Mukatsika chotere, kumbuyo kwa galimoto kumatsika masentimita 6, difu imayandikira pansi m'misewu yafumbi yokumbika, ndipo ngati magiya ndi ofanana ndi akale, injini imazungulira mowonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu pa liwiro lomwelo. Pokwera chitunda imakoka bwino, koma pa msewu wa M1 imalira ndi kumwa mafuta. Difu ya lole ya chiwerengero chopitirira 5 imachita zomwezo ngakhale matayala ali aakulu. Kwa ine, difu yoyenera ndi yomwe magiya ndi tayala zikaphatikizana zimayandikira zomwe galimoto inabwera nazo, kapena kupendekera pang'ono ku mbali yokoka.

Ngati pikapu yanu ndi 4x4, ganizani kawiri. Matayala akutsogolo ndi akumbuyo ayenera kuyenda mtunda wofanana, apo ayi mukalowetsa 4x4 magiya amalimbana mpaka china chithyoke. Ntchitoyi imayenerana ndi galimoto yokoka ndi kumbuyo kokha.

Kuchotsa difu yakale

Imikani galimoto pa simenti yosalala, tchingani matayala akutsogolo, chotsani waya wa batire. Kwezani ndi jeke ndipo muike masitandi achitsulo pansi pa chesesi, kutsogolo kwa masipuling'i. Njerwa ndi mabuloko zimasweka mosachenjeza, musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhala pa zimenezo. Koma musanaikweze n'komwe, yezani kupendekeka kwa flange ya difu yakale galimoto itakhala pa kulemera kwake. Foni zambiri zili ndi pulogalamu yoyezera madigiri, ndipo imakwanira. Kenako masulani propshaft, paipi ya buleki, zingwe za handibuleki, ma shock ndi ma U-bolt omanga ekiselo ku masipuling'i, difu itsike pa jeke.

Poti malo atseguka, onani masipuling'i. Tsamba losweka, bawuti yapakati yopindika ndi mabushi otha zisinthidwe pano.

Zokhalira masipuling'i

Pa paipi ya difu pali zitsulo ziwiri zowotcherera zomwe masipuling'i amakhalira. Za difu yatsopano sizikhala pamalo oyenera galimoto yanu, ndiye zidulidwe ndi galayindala mosamala, osadya paipi, malowo n'kusalazidwa. Zatsopano zipangidwe ndi chitsulo chochindikala, zofanana m'lifupi ndi tsamba la sipuling'i, zokhala ndi bowo lolowa mutu wa bawuti yapakati. Ngati ekiselo yakale inali pamwamba pa masipuling'i, yatsopano ikhalenso pamwamba.

Musawotcherere msanga. Ikani difu m'malo, zokhalirazo zili zomasuka, mangani ma U-bolt pang'ono, valikani matayala, tsitsani galimoto ikhale pa kulemera kwake. Tsopano yezani kuchokera pa habu kufika pa sipuling'i mbali zonse ziwiri mpaka zifanane. Yezaninso mopingasa, kuchokera pa malo odziwika pa chesesi kumanzere kufika pa habu yakumanja, ndiponso mbali inayo. Miyeso iwiriyi ikasiyana, galimoto idzayenda chammbali ndi kudya matayala anayi nthawi imodzi.

Kenako pendeketsani mphuno ya difu. Pa propshaft yokhala ndi majoini awiri, flange ya difu iyenera kuyang'ana mofanana ndi potulukira giyabokosi, kusiyana kwake kusapitirire digiri imodzi kapena ziwiri. Pa propshaft ya zidutswa ziwiri, bwererani ku muyeso uja munatenga pa difu yakale. Mukalakwitsa apa, galimoto imanjenjemera pa liwiro ndipo majoini amatha msanga.

Zonse zikakhala bwino, wowotcherera angodonthetsa timadontho togwirizira, atatchinga thanki ya mafuta ndi mapaipi ake. Difu itulutsidwenso, ndipo kuwotcherera kwenikweni kuchitikire panja. Achite pang'onopang'ono, mbali ino kachidutswa, mbali inayo kachidutswa, kusiya chitsulo chizizire. Moto wambiri pamalo amodzi umapinda paipi, ndipo paipi yopindika imadya mabering'i ndi kutayitsa oyilo moyo wake wonse. Waya wa earth amangidwe pafupi ndi powotchererapo kuti magetsi asadutse m'mabering'i. Zogwirira ma shock ziwotchereredwe nthawi yomweyo. Pobwezera, gwiritsani ntchito ma U-bolt atsopano oyenerana ndi kunenepa kwa paipi yatsopano. Akale anatamuka kale.

Difu ikadali pansi, tsegulani mahabu, tsukani mabering'i, pakani girisi watsopano, sinthani masilo otchinga oyilo. Thirani oyilo wa difu wa GL-5, monga 80W-90, ndipo onani kuti kabowo kopumira pamwamba pa paipi sikanatsekeke ndi matope.

Propshaft ndi mabuleki

Mphuno ya difu ya lole nthawi zambiri ndi yaitali, ndipo mabowo a flange yake safanana ndi anu. Propshaft iyenera kudulidwa ndi kulumikizidwa ndi chidutswa chija munagula. Ntchito iyi ipite kwa amene ali ndi makina a lathe, oti aiwongole ndi kuibalansa, makutu a majoini akumapeto onse atayang'ana mbali imodzi. Malo a shafitiyo omwe amalowana ndi kusololoka atsale ndi mpata wolowa ndi kutuluka masipuling'i akamagwira ntchito.

Mabuleki ndi omwe ndimada nawo nkhawa kwambiri. Masilinda a m'madilamu a lole akhoza kukhala aakulu kuposa a pikapu, ndiye amafuna mafuta a buleki ambiri, ndipo pedulo imatsika kwambiri isanagwire. Yambani ndi kusintha nsapato za buleki ndi kuziyandikitsa bwino ku dilamu, kenako chotsani mpweya m'mapaipi a buleki kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder, kapampu ka mafuta a buleki komwe pedulo imakankha. Pedulo ikakhalabe yotsika, makaniko wodziwa mabuleki aone ngati pakufunika master cylinder yokulirapo. Pa Hilux ndi pikapu zina pali valavu pa chesesi yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, yomwe imachepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikakhala yopanda katundu. Amakaniko ena amangoimanga ndi waya. Musalole. Ipangireni chogwirira pa difu yatsopano, pa msinkhu womwe inali, chifukwa popanda iyo matayala akumbuyo amakhoza kugwira msanga pamsewu wonyowa, galimoto n'kutembenuka.

Onaninso za handibuleki musanagule. Malole ambiri a Dyna, Elf ndi Canter handibuleki yake ili kuseri kwa giyabokosi, ndiye m'madilamu a difu mulibe pokoka chingwe. Difu yotere imakusiyani opanda handibuleki, ndipo galimoto yotero siyenera kuyenda pamsewu.

Matayala, bodi ndi mapepala

Pa malole ena a ku Japan, manati a mbali yakumanzere amamangidwa mobwerera, ndipo mabawuti ake amalembedwa L. Onani chilembocho musanakakamize sipanala. Matayala awiri oyandikana akhale a saizi imodzi ndi otha mofanana, asakhudzane ngakhale galimoto itadzaza, ndipo valavu ya tayala lamkati ikhale pofikirika kuti muzitha kupopa. Mudzafunikanso sipeya ziwiri, poti rimu yakutsogolo ndi yakumbuyo sizifanananso.

Bodi yakale ya pikapu siphimba tayala lakunja. Ena amadula ndi kukulitsa madigadi, koma bodi yafulati yokhala ndi madigadi achitsulo ndi mphira zotchinga matope imagwira bwino ntchito ya katundu.

Pitani ku ofesi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services mukafotokoze za kusinthaku musanayambe, kuti galimoto isadzakanidwe poyesa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo dziwitsaninso kampani yanu ya inshulansi. Kulemera komwe galimoto inalembedwa kuti inyamule sikusintha chifukwa cha difu. Chesesi, mabuleki akutsogolo, kilatchi ndi injini ndi zomwe zija, ndipo chesesi ya pikapu yodzaza mopitirira muyeso imakonda kupindika kuseri kwa kabini.

Ulendo woyamba ukhale wopanda katundu, pamsewu wopanda anthu ambiri. Yesani mabuleki pa liwiro lochepa, kenako lokwererapo. Imani, gwirani mahabu ndi dzanja: kufunda ndi kwabwino, koma habu yotentha yosagwirika ikutanthauza kuti bering'i yathina kapena buleki ikugwira. Yerekezani sipidomita ndi GPS ya pa foni, chifukwa ikhoza kukhala ikunama tsopano. Mukayenda makilomita 100 oyamba, bwerezani kumanga ma U-bolt ndi manati a matayala, ndipo muchitenso chimodzimodzi mukatsitsa katundu woyamba, yemwe asapitirire theka la zomwe galimoto imanyamula.