Musanagule laputopu ya kaunjika, onani kaye Windows yomwe ilimo

Ambirife pogula laputopu ya kaunjika timangoyang'ana batire ndi sikirini. Ine ndimakonza makompyuta, ndipo choyamba kufunsa ndi ichi: kodi pulogalamu yoyendetsa makinawa ikulandirabe ma update otseka mipata yolowera akuba?

Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 inaisiya pa 14 Okutobala 2025. Makina otere amayakabe bwinobwino, koma ali ngati nyumba yothyoka loko. Musamalowetsemo nambala zachinsinsi za ku banki.

Ngati mukufuna Windows, ikhale Windows 11. Imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osungira mafailo a 64GB, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0; ndipo ngati purosesa yake ndi ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kapena kuposa. Muli pa shopu pomwepo, tsegulani Settings, System, kenako About. Mukaona purosesa yolembedwa i5-8250U, nambala 8 yoyambayo ikutanthauza kuti zili bwino. Mukaona i5-6200U, makinawo sanavomerezedwe. Wogulitsa akati "ndikuikirani Windows yokiraka", kanani ndithu. Timapulogalamu tokirakira timeneti nthawi zambiri timabwera ndi mavairasi, ndipo kuti tilowe amayamba azimitsa Defender, pulogalamu ya Windows yoteteza ku mavairasi.

Nanga laputopu yakale muitaye? Ayi. Ikanimo Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, menyu yake ili pansi kumanzere monga munazolowerera, ndipo imabwera ndi Firefox komanso LibreOffice yotsegula mafailo a Word ndi Excel. Mint 22 izilandira ma update mpaka 2029. Makina ofooka apatseni mtundu wopepuka wa Mint wotchedwa Xfce. Chomwe ndimaikondera kwambiri n'chakuti vairasi ija yosandutsa mafailo kukhala ma shortcut, yomwe timaitola pa flashi kokasindikiza mapepala, mu Mint sigwira ntchito.

Tengani failo yake pa linuxmint.com, ndi pafupifupi 3GB, ndiye konzekerani bandulo. Ilembeni pa flashi ya 8GB ndi pulogalamu yotchedwa Rufus, koma dziwani kuti zonse za pa flashiyo zifufutika. Yatsani laputopu kuchokera pa flashi muiyese musanaiike: Wi-Fi, mawu, printa. Zithunzi ndi zikalata zanu muyambe mwazisunga kwina kuti zisafufutike poika Mint.

Amene mumadyera Photoshop, Mint sikuthandizani, limbikirani kupeza makina a Windows 11. Ena nonse mukaiika, muziyang'ana kachishango kali pansi kumanja. Kakaonetsa kuti kwabwera ma update, dinani tsiku lomwelo.