Nyumba ya kumudzi ku Ireland: dziwani izi chisanu chisanakupezeni

Usiku wanga woyamba m'nyumba ya kumudzi ku County Mayo, kumadzulo kwa Ireland, ndinagona nditavala jekete, masokosi awiriawiri ndi chipewa. Maredieta onse, zitsulo zofunditsa zipinda, anali zii. Palibe chimene chinawonongeka ayi. Thanki yobiriwira imene ndinaiona kuseri kwa nyumba inalibe ndi dontho lomwe la palafini, ndipo ine sindinkadziwa kuti kuidzaza ndi ntchito yanga. Ndinkayesa kutentha kumangobwera kokha ngati magetsi. Safunsa anadya phula.

Ndiye ngati mwapeza ntchito kuno, kaya yosamalira okalamba ngati ine, kaya kufamu, ndipo nyumba ya lendi yotsikirapo mwaipeza kutali ndi tauni, dziwani kuti nyumba yotere ili ngati chiweto. Imafuna kudyetsedwa, kusuzumiridwa, kupitidwa mphepo. Mukaitaya, imakubwezerani pa Disembala.

Tsiku lolandira makiyi musangosaina n'kuthokoza. Apempheni eni nyumba kuti muzungulire nawo kunja ndi mkati momwe, foni ili m'manja mukujambula. Choyamba kufunsa ndi Eircode. Nyumba zambiri zakumudzi kuno zilibe nambala, ndipo mabanja angapo a dzina limodzi amatha kukhala m'kadera kamodzi ndi keyala yofanana. N'chifukwa chake mu 2015 boma linapatsa nyumba iliyonse chizindikiro chakechake cha zilembo ndi manambala 7. Lowezani pamtima, lembaninso pa furiji. Wobweretsa palafini adzakufunsani, wa katundu adzakufunsani, ndipo tsiku limene mudzaimbe 112 kapena 999, ambulansi idzakupezani ndi chizindikirocho, osati ndi zoti "mukadutsa tchalitchi mukhote kumanzere".

Kenako pitani pa thanki ya palafini ija. Zambiri zimalowa malita pafupifupi 1,000, ndipo makampani amakonda kubweretsa 500 kapena kudzaziratu, ngakhale ena amalola zocheperapo. Mtengo umasinthasintha, choncho imbirani awiri atatu musanaitanitse, ndipo ngati mungathe dzazani Okutobala asanafike. Pezani ndodo yowongoka yoyezera, muziviika m'thankimo sabata iliyonse. Musadikire kuti itheretu. Paipi yotulutsa siili pansi penipeni, ndiye palafini akatsika kwambiri mumalowa mpweya, boila, makina otenthetsa madzi a m'maredieta, imazima, ndipo ngakhale mutadzaza siyaka mpaka wina atatulutsa mpweyawo ndi sipanala. Ine anandichitira ndi bambo wachikulire woweta nkhosa amene ndayandikana naye. Anagwada pa boila mphindi zochepa, n'kundionetsa kabawuti kake, n'kukana ndalama. Gulaninso loko wa pa chivundikiro, chifukwa akuba palafini aliko ndipo amadziwa nyumba zimene masana zimakhala zopanda munthu.

M'kakabati kamene muli thanki ya madzi otentha mupezamo switchi yotchedwa immersion. Imatenthetsa madzi ndi magetsi, ndipo imadya ndalama ngati chiswe. Anthu akuno amachita kuseka okha kuti banja limatha kubwerera pa ulendo chifukwa wina wakumbuka kuti sanazimitse immersion. Ndinaseka nawo mpaka bilu yoyamba itafika. Yatsani kwa theka la ola musanasambe, mukatha zimitsani.

Koma mdani weniweni kuno ndi chinyontho, ndipo apa ndichedwapo. Mvula ya kumadzulo kuno si yachimvano yoti igwe n'kukata. Imangowaza, lero, mawa, mkuja, ndipo makoma a nyumba zakale amamwa. Munthu wozizidwa amaganiza zotseka paliponse, mpaka timabowo ta mpweya ta m'makoma amatitseka ndi nsanza. Ine ndinatero. Patatha masabata atatu ndinasuntha wadiropu n'kupeza khoma lonse lakuda ndi chuku, nsapato zanga zachikopa zitamera ubweya wobiriwira. Timabowo tija musatitseke. M'mawa uliwonse tsegulani mazenera mphindi khumi ngakhale kuzizire chotani, ndipo pukutani madzi amene amadikha pa magalasi. Mipando ndi bedi zisagunde khoma lakunja, siyani mpata wolowa dzanja. Mukamaphika vundikirani mapoto, mukasamba tsekani chitseko cha bafa n'kutsegula zenera lake. Zovala zonyowa musamayanike pa redieta m'chipinda chotseka, chifukwa madzi onsewo amakathera m'khoma. Chinthu chimene sindinong'oneza nacho bondo kugula ndi dehumidifier, kamakina kokoka madzi mumpweya. Tsiku loyamba kanadzaza kachidebe kake kawiri, ndinachita kudabwa kuti madzi onsewa ndimapuma ine. Ndipo ndi bwino nyumba izikhala yofunda pang'ono nthawi yaitali kusiyana n'kuiwotcha ola limodzi kenako n'kuisiya izizire tsiku lonse. Ngati simunasaine, funsani BER ya nyumbayo, muyeso wa mmene imasungira kutentha, woyambira A kufika G. Ya G lendi yake imakopa, koma zimene mwapulumutsa zimakathera ku palafini.

Nyumba zambiri zili ndi sitovu ya nkhuni pabalaza. Musayatse musanafunse kuti chumuni anaisesa liti, ndipo onetsetsani kuti alamu ya carbon monoxide ilipo ndipo ikulira mukaidina. Mpweya umenewu sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Nkhuni zikhale zouma. Mudzaonanso anthu akusonkha turf, dothi lakuda lofukulidwa m'madambo n'kuumitsidwa ngati njerwa. Kuyambira pa 31 Okutobala 2022 saloledwa kuligulitsa m'masitolo kapena pa intaneti, koma amene ali ndi ufulu wokumba m'dambo lawo amakumbabe ndipo amagawirako anansi. Akakupatsani thumba, landirani ndi manja awiri. Fungo lake mudzalizolowera, mwinanso kulikonda.

Za madzi, funsani kumene akuchokera. Ena ndi a Uisce Éireann, kampani ya boma ya madzi, ena ndi a gulu la anthu a m'deralo limene amati group water scheme, ena ndi a chitsime cha panyumba pomwepo chokhala ndi pampu ya magetsi. Ngati ndi chitsime, madziwo aziyezedwa chaka ndi chaka, makamaka kumene kuli ziweto zambiri. Dziwaninso pamene pali kampopi kotsekera madzi a nyumba yonse, kawirikawiri pansi pa sinki, paipi isanaphulike usiku wachisanu. Zakuchimbudzi sizipita kutali, zimathera mu septic tank m'bwalo lanu lomwelo. Musataye m'chimbudzi timapepala tonyowa topukutira ana, mafuta ophikira kapena jiki wambiri, chifukwa tizilombo timene timawoletsa zonyansazo timafa, kenako bwalo lonse limakuuzani.

Zinyalala samatenga aboma. Mumalembetsa nokha ku kampani, kulipira, n'kukokera mabini kumsewu usiku woti mawa abwera. Kutentha zinyalala pakhomo ndi mlandu. Mabotolo apulasitiki ndi zitini za zakumwa zokhala ndi chizindikiro cha Re-turn musaziphwanye, zibwezeni m'makina a kusitolo, amakubwezerani masenti 15 kapena 25 pa chilichonse.

Popanda galimoto kumudzi kuno mumakhala ngati mwamangidwa. Mabasi a Local Link alipo ndipo anandithandiza chaka choyamba, koma m'misewu ina amadutsa kangapo kokha, ndiye shifiti ya 8 koloko m'mawa simungaidalire pa iwo. Yambani za laisensi mwezi woyamba womwewo. Malaisensi a mayiko ambiri sasinthidwa kuno, choncho mumalemba mayeso a malamulo a pamsewu, kutenga learner permit (chilolezo cha wophunzira, cha L), kuchita maphunziro 12 ndi mphunzitsi wovomerezeka, kapena 6 ngati munali kale ndi laisensi yonse kwa zaka zosachepera ziwiri, kenako mayeso oyendetsa. Muli pa L simuloledwa kuyendetsa nokha. Galimoto ikhale ndi inshuwalansi, msonkho ndi NCT, chiphaso chosonyeza kuti inayezedwa ndipo ili bwino, ndipo ya zaka zoposa khumi imayezedwa chaka chilichonse. Timisewu takumudzi ndi topapatiza, tina udzu unamera pakati, mbali zonse mipanda ya miyala. Kuyambira Febuluwale 2025 liwiro lake ndi makilomita 60 pa ola, koma pa ngodya yosaoneka kutsogolo ngakhale 40 ndi yambiri, poti kuseri kwake kungakhale thirakitala kapena nkhosa. Mukakumana ndi mnzanu, amene ali pafupi ndi geti kapena pomwe pali potakasuka ndiye amabwerera m'mbuyo. Poyenda pansi yendani mbali yoyang'anizana ndi magalimoto, mutavala chovala chowala chikaunikidwa ndi magetsi a galimoto, chifukwa magetsi a mumsewu kulibe.

Mukamayendetsa mudzaona aliyense wodutsana naye akukweza chala chimodzi pa chiwongolero. Ndi moni ameneyo. Bwezani, ngakhale simukumudziwa. Miyezi iwiri yoyamba sindinkabweza, ndipo ndinadzamva mochedwa kuti ankandiyesa wonyada.

Konzekerani mphepo yamkuntho. A zanyengo a Met Éireann amachenjeza ndi mitundu itatu, wachikasu, wa olenji ndi wofiira, ndipo ukakhala wofiira musatuluke. Pa 24 Januwale 2025 kunawomba Storm Éowyn, mphepo inafika makilomita 184 pa ola ku Mace Head m'County Galway, ndipo nyumba, mafamu ndi mabizinesi pafupifupi 768,000 anakhala opanda magetsi. Ife tinatha sabata yathunthu ndi masiku. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti boila ya palafini imafunanso magetsi kuti iyake, pampu ya chitsime chimodzimodzi, netiweki ya foni nayo inathawa. Sungani tochi, mabatire, power bank yodzaza, madzi m'zigubu, kasitovu ka gasi, wailesi ya mabatire ndi ndalama zapamanja pang'ono, poti makina a khadi nawo amafa. Chenjezo likangomveka, mangani mabini ndipo dzazani bafa ndi madzi othira m'chimbudzi.

Sabata imeneyo ndi anansi amene anatisunga. Bambo wa nkhosa uja ankazungulira ndi jenereta pa thirakitala, nyumba ndi nyumba, kuti mafiriji asasungunuke. Anansi otere simuwapeza tsiku la mavuto, mumayamba kale. Geti ya munda mukaipeza yotseka, itsekeni mukadutsa, ndipo musalowe m'munda wa munthu osapempha, minda yonse ili ndi eni ake. Galu wanu akhale ndi laisensi ya ku positi ofesi ndipo asayende yekha, makamaka nthawi imene nkhosa zikuswa, chifukwa mlimi akhoza kumuwombera akamupeza akuzithamangitsa. Fungo la ndowe zamadzi zimene amathira m'minda kuyambira pakati pa Januwale, ndi phokoso la mathirakitala odula udzu mpaka usiku mu Meyi ndi Juni, musadandaule nazo kwa aliyense. Munazipeza.

Maliro musaphonye. Amalengeza pa RIP.ie ndi pa wailesi ya m'deralo, kuno ndi Midwest Radio. Madzulo a tsiku loti mawa aika, anthu amaima pamzere, kugwira chanza anamfedwa mmodzimmodzi n'kunena kuti "Sorry for your trouble", basi n'kutuluka. Simufunika kuitanidwa. Nditapita koyamba, pa maliro a mlongo wake wa bambo uja, anthu amene ankangondiyang'ana m'sitolo anayamba kundiitana ndi dzina. Ngati muli ndi ana, apititseni ku kalabu ya GAA, ya masewera achikhalidwe akuno, ya parishi yanu, makolo mudzadziwana m'mbali mwa bwalo mvula ikukunyowetsani limodzi. Akakufunsani ngati mukufuna tiyi, kukana koyamba sakuwerengera, afunsanso.

Chotsala ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko ili pafupi n'kulowa 4 itangodutsa, moti wa shifiti yaitali amatha sabata osaliona. A zaumoyo kuno amalangiza kumwa vitamini D, ndipo ife akhungu lakuda amati chaka chonse. Lembetsani kwa dokotala wa m'dera, amene kuno amati GP, musanadwale, poti akumudzi ambiri ndi odzaza ndipo mungafunike kuyesa angapo. Tsiku lopuma tulukani masana ngakhale kukuwaza, muyende mpaka pamphambano n'kubwerera. Udzu wautali ndinkauopa kwa miyezi, mpaka bambo uja atandiuza akuseka kuti pa chilumba chonsechi palibe njoka yam'tchire. Nkhupakupa zokha ndiye zilipo, mukabwerako dziyang'aneni m'miyendo.