Mmene Mungathandizire Mwana Kusiyanitsa Ziganizo za Chingerezi ndi Kufananitsa Zinthu

Makolo ambiri a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare amene timayankhula Chichewa pakhomo timafunitsitsa kuthandiza ana athu pokonzekera mayeso a Chingerezi a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu ku Zimbabwe, koma timasowa pogwira. Poyamba muuzeni mwanayo kuti apeze mneni aliyense amene ali ndi mwininkhani wake, pakuti chiwerengero cha aneni otere ndicho chimasonyeza kuchuluka kwa nthambi za chiganizo. "The kombi left Mbare" chili ndi nthambi imodzi, choncho ndi simple sentence. Nthambi ziwiri zoima pazokha zikalumikizidwa ndi "and", "but" kapena "or", chiganizocho ndi compound. Koma imodzi ikayamba ndi "because", "when" kapena "although", nkukhala yosamveka mukaichotsa pa inzake, ndiye kuti ndi complex.

Pamene ana athu amapunthwa kwambiri ndi pofananitsa zinthu, ndipo gwero lake lili m'chiyankhulo chathu chomwe. Ife timati Harare ndi wamkulu kuposa Mutare, mfotokozi osasintha konse, ntchito yonse ikugwiridwa ndi mneni "kuposa", monga momwe anzathu a Chishona amachitira ndi "kupfuura". Chingerezi chimasintha mfotokoziyo. Akakhala wa phatikizo limodzi amalandira -er, monga "bigger than". Akakhala wautali amatsogoleredwa ndi "more", monga "more expensive than". Ndipo wothera ndi y amasanduka monga "heavier". Musalole mwana kuphatikiza njira ziwirizi nkulemba "more bigger", ngakhale amazimva mumsewu tsiku lililonse. Mawu ngati "good" ndi "bad", amene amasanduka "better" ndi "worse", angowaloweza. Zinthu zikakhala zofanana alembe "as big as".

Chimene ine ndimaona kuti nchofunika kuchedwapo ndi chakuti "than" kawirikawiri amabisa nthambi yathunthu imene mawu ake ena achotsedwa. Mlembereni "Grandmother loves Chikondi more than me", kenaka mumufunse kuti akutanthauza chiyani: kodi agogo amakonda Chikondi kuposa mmene amandikondera ine, kapena kuposa mmene ine ndimamukondera Chikondiyo? Akazindikira kuti matanthauzo ndi awiri, abwezeretse mawu osowawo polemba "more than she loves me" kapena "more than I do". Pamenepo awerengenso aneni monga anachitira poyamba paja, ndipo adzapeza nthambi ziwiri, yachiwiriyo yosaima payokha, zimene zikuika chiganizocho m'gulu la complex.