Kuyendetsa lamulo m'zenera latsopano mu Vim

Mu Vim, pulogalamu yolembera ndi kusintha mafayilo, zenera ndi chigawo cha sikirini chimene chikuonetsa fayilo. Ena, ku Chipata ngakhale kuno ku Mchinji, amangoti windo, ndipo palibe cholakwika. Liwu lovutirapo ndi focus. Apa tikutanthauza zenera limene cursor yalowamo, limene limalandira chilichonse mukutaipa.

Tsegulani fayilo ya ~/.vimrc, imene Vim imawerenga ikamayamba, muikemo izi:

function! Yendetsa(lamulo)
  update
  botright new
  setlocal buftype=nofile bufhidden=wipe noswapfile
  execute 'silent read !' . a:lamulo
  1delete _
endfunction
command! -nargs=+ Chita call Yendetsa(<q-args>)

Mukalemba :Chita ls -l, zenera limatseguka pansi penipeni, zotsatira zimalowamo, cursor nayo imakhala momwemo. Mukamaliza kuwerenga, :q amalitseka osakufunsani zosunga, chifukwa buftype=nofile imauza Vim kuti izi si fayilo. Mzere wa update musauchotse. Umasunga ntchito yanu lamulo lisanayambe, ndipo kuno magetsi amazima osatsanzika.

Dzina la lamulo latsopanoli, Chita, liyambe ndi chilembo chachikulu. Mukalemba chita pa mzere wa command! uja, Vim imakana ndi uthenga wa vuto wa E183.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa chizindikiro cha %. Chimaimira fayilo ya zenera limene muli, koma lamulo likamayamba mumakhala mwalowa kale m'zenera latsopano lopanda dzina, choncho :Chita python3 % imabweretsa E499. Lembani # m'malo mwake, popeza # ndi fayilo imene mwangochokamo.

Njira iyi imadikira lamulo lithe, Vim sigwira china chilichonse panthawiyo. Pa lamulo lotenga nthawi, monga kukopera mafayilo pa intaneti yoyenda pang'onopang'ono, gwiritsani ntchito :botright terminal, imene inabwera ndi Vim 8.1 mu 2018. Cursor imalowamonso yokha. Ctrl-W kenako p amakubwezerani kumene munali, lamulo likupitirira. Koma :terminal sidutsira mu shell, pulogalamu imene imamasulira malamulo otaipidwa, ndiye lamulo lokhala ndi |, chizindikiro cholumikizira malamulo awiri, silingayende bwino musanaike ++shell patsogolo pake.

Ngati kompyuta ili ndi Ubuntu ndipo function ikukanidwa ndi E319, muli ndi vim.tiny, Vim yochepetsedwa imene simva script. Ikani yathunthu ndi sudo apt install vim, kenako :echo has('terminal') ikuonetseni 1.